Lamulo Lachinayi la a Jobe Mhone

Ku Kande konse kunalibe munthu wodziwa kusita malaya ngati a Jobe Mhone. Ankayang'anira operekera zakudya pa loji ina ya alendo, ndipo m'mawa uliwonse ankatuluka m'nyumba mzere wa buluku uli chilili, nsapato zili waliwali, tayi ali pakhosi, ngakhale mu Okutobala pomwe nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chingerezi chawo chinali chotulukira m'mphuno. Akapereka moni kwa mzungu, mzunguyo ankayamba wakonza kolala yake asanayankhe. Koma zonsezi sizinkawakhutitsa, chifukwa mtima wawo unali pa ukulu wa mpingo. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala akuuyembekeza. Masankho atatu anadutsa dzina lawo likutchulidwa koma manja osakwana, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera kunyumba jekete ili pamkono, osayankha moni wa munthu.

Chaka chimenecho panali mpando umodzi wokha wopanda munthu, ndipo oufuna anali awiri. Winayo anali a Davison Longwe, msodzi wa usipa, munthu wosadziwa kumanga tayi koma wopezeka pa maliro aliwonse khasu lili paphewa. Anthu ankawakonda a Davison pa zifukwa zomwe a Mhone sankatha kuzimvetsa, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima.

Mu Ogasiti, mlendo wina wa pa loji paja, mayi wachikulire wochokera kunja, anakondwa ndi ulemu wa a Mhone ndipo pochoka anawasiyira tabuleti, chifoni chija chachikulu ngati sileti. Atamva kuti kunyumba kuli mwana, anawakhazika pansi n'kuyamba kuwalongosolera kuti m'katimo muli loko. Filimu iliyonse ndi gemu iliyonse, anatero mayiyo, eni ake amailemba nambala ya zaka za munthu woyenera kuionera, ndipo ukatseka ndi nambala yachinsinsi, za akulu mwana sazipeza. Anati awathandize kutseka pompo asananyamuke.

A Mhone anayang'ana kumbali. Anthu awo awiri a pantchito ankapukuta matambula chapafupi, maso ali pa matambula koma makutu ali kuno. Bwana wawo aphunzitsidwe kudina galasi iwo akuona?

"Musavutike, mayi," anatero m'Chingerezi chawo chija cha Lamulungu. "Izi ife timazidziwa bwino."

Sankazidziwa. Ndiponso zilembo zing'onozing'ono zinali zitayamba kale kuwathawa, koma magalasi a maso ankawakana, ati amakalambitsa nkhope.

Kunyumba anaitana Queen, mzime wawo, mtsikana wa zaka khumi wa mu Sitandade 5, yemwe zala zake zinkadziwa foni iliyonse ya m'mudzimo. Akulu ake onse anali ku Mzuzu ndi ku Joni, choncho pakhomo panatsala iyeyo ndi amayi ake, a Hilda, omwe aliyense ankawatchula Nyachirwa.

"Tseka ichi, ana asamaoneremo zopusa," anatero a Mhone atapinda mwendo. "Ine ndikuona ngati ukuchita bwino."

Mwanayo anadina apa ndi apo. "Ada, chikufunsa kuti mwini wake anabadwa chaka chanji."

"Mwini wake ndine. Lemba 1974."

"Tsopano chikufuna nambala yachinsinsi. Ndiike iti?"

"Ina iliyonse yovuta. Ndipo usauze munthu, wamva?"

Queen anali mwana womvera. Sanauze munthu, ngakhale bambo akewo.

Tsono pamsika pa Kande panali chisakasa cha mabango momwe Rabson, bambo wina wa ku Salima, ankaonetsa mafilimu. Sipika yake inali pamwamba pa mlongoti, ndipo mfuti zikamalira m'filimu zinkamveka mpaka kudoko. Pakhomo panali bolodi pomwe ankalemba ndi choko dzina la filimu ya tsikulo ndi nambala yake: 13, 16 kapena 18. Poti ana a kuno sayenda ndi makalata obadwira m'thumba, Rabson anakhoma msomali pamphuthu ya chitseko. Mutu wako ukapanda kufika pamsomali, pa filimu ya 18 sulowa. Njirayi inali ndi zilema zake, tisaname. A Simeon, msodzi wamfupi wa ana anayi, ankachita kuonetsa ndevu tsiku lililonse kuti alowe, pomwe anyamata awiri a a Davison, aatali ngati nsungwi koma wina wa zaka khumi ndi zitatu, wina khumi ndi zinayi, ankangolowa ngati kwawo. Komanso malonda akavuta, maso a Rabson sankauona bwino msomaliwo.

Tsiku lina masana a Mhone anawaona anyamata aja akutuluka m'chisakasamo akuphethira ndi dzuwa, ndipo mtima wawo unati myaa. Sanapite kukawatsina khutu a Davison monga achitira mnansi. Anapita kwa abusa kukapempha msonkhano wa makolo.

Pamsonkhanopo analankhula ola lathunthu. Anati ana a masiku ano akuphunzira kupha asanaphunzire kupalasa bwato. Anati chisakasa cha Rabson ndi khomo la Gehena lofoleredwa ndi pulasitiki. Amayi anawomba m'manja, ndipo kunena chilungamo, zambiri zomwe ananena zinali zoona. Chovuta chinali chakuti sankazinenera anawo ayi. Kenako anatambasula chipepala chachikulu cha malamulo asanu, omwe analemba okha ndi zilembo zonenepa. Atatu oyamba anali a Rabson ndi chisakasa chake, lachisanu linali la mafoni olira m'tchalitchi. Lachinayi ndilo anawerenga pang'onopang'ono, maso ali pa benchi ya a Davison:

"Mwana akapezeka akuonera kapena kusewera za akulu, tisafunse mwana. Tifunse kholo. Kholo lotero lisalandire udindo uliwonse mumpingo kwa zaka ziwiri."

A Davison anaimirira chipewa chili m'manja. "Ada Mhone, mwana ali ndi miyendo yake. Ine ndikakhala panyanja sindingaone za kumsika."

"Wobereka ndiye woweta, ada Longwe," anayankha a Mhone. "Munthu wolephera kuyang'anira ana awiri angayang'anire bwanji nkhosa mazana atatu?"

Lamulo linadutsa. Chipepalacho anachimata pachitseko cha tchalitchi ndi phala la ufa wa chinangwa, ndipo pansi pake a Mhone anasaina dzina lawo ndi mchira wautali wopindika kawiri. Milungu iwiri isanathe, anyamata a a Davison anagwidwa akutuluka mu filimu ya 18, ndipo bambo awo anachotsa okha dzina lawo pa masankho. Mwini malo omwe panali chisakasa, mayi wamasiye wa mumpingo momwemo, anachezeredwa katatu ndi a Mhone, Baibulo lili m'khwapa. Ulendo wachitatu mayiyo anamuuza Rabson kuti asamuke.

Tsiku lophwasula, a Mhone anadutsira pomwepo dala. Anamupeza Rabson akuzula msomali uja ndi pulayala.

"Bwana," anatero Rabson, "anawa mwawachotsa pano, koma maso simunawachotse. Akaonera kwina, kopanda msomali."

"Msomali sudziwa zaka, achimwene," anatero a Mhone akuseka. "Enafe timatseka ndi nambala."

Rabson anaponya msomaliwo m'thumba. Kanema wake anagulitsa, n'kutsala ndi masipika, omwe anayamba kubwereketsa pa maukwati ndi pa misonkhano. Masankho atafika mu Okutobala, a Mhone anadutsa opanda wopikisana nawo, ndipo abusa analengeza kuti mwambo wowadzoza udzachitika pa Khirisimasi, sewero la ana likangotha. Loweruka lotsatira anakwera minibasi kupita ku Mzuzu kukagula suti.

Kumudzi kwa a Mhone netiweki inkabwera mwa apo ndi apo, koma pa loji panali wayifayi yaulere. Queen ndiye anawaunikira bambo ake. "Ada, mukamapita kuntchito muzinyamula tabuleti. Ine ndizisankhiratu, iyo izikakoka yokha maphunziro." A Mhone anakondwa kwambiri ndi nzeru za mwana wawo, zomwe anati watengera kuchimuna. M'mawa uliwonse ankaiika m'chikwama chawo chachikopa. Ikafika pa loji inkakhala kuseri kwa kauntala ikudya magetsi ndi wayifayi, ndipo masana popuma ankabwera nayo kunyumba itakhuta. Akatero ankabwerera kuntchito kukakonzekera chakudya chamadzulo cha alendo. Anzawo akafunsa za katundu wa m'chikwamayo, ankati, "Mwana wanga akuwerenga kale za ku sekondale."

Kuseri kwa khitchini ya Nyachirwa, pafupi ndi thandala loyanikapo chinangwa, panali bwato lakale lobooka lomwe nkhuku zinkaikiramo. Sukulu ikaweruka, m'bwatomo munayamba kudzaza ana. Poyamba anali atatu, kenako khumi, kenako onse aja omwe kale ankasuzumira m'mipata ya mabango kwa Rabson, kuphatikizapo tiana tomwe mitu yake sikanafika ngakhale theka la msomali. Queen ankakhala kutsogolo tabuleti ili pamaondo. Nayenso anali ndi lamulo lake, limodzi lokha: polowa m'bwato, mango awiri.

Makolo a m'mudzimo anapuma. Chisakasa chatsekedwa, malamulo ali pachitseko, ntchito yolera yatha. Mwana akatuluka pakhomo, amake ankangofunsa, "Ukupita kuti?" Akayankha kuti kwa ada Mhone, ankati, "Pita mwanangu, ukaphunzire khalidwe." Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsatirako kukaona khalidwe lake.

Unali mwezi wa Novembala, mango ali mbwee. Beseni la pakhonde pa a Mhone linayamba kudzaza tsiku ndi tsiku, ndipo atafunsa, Queen anati anzake ndi omwe akubweretsa. Bambowo anagwedeza mutu mokhutira.

"Waona, Nyachirwa? Sanandidzoze n'komwe, koma mudzi wayamba kale kuzindikira."

Ankadya anayi kapena asanu masana aliwonse, atakoleka mpango pakhosi kuti madzi asadonthere pa tayi.

Nyachirwa sanapite patali ndi sukulu, koma makutu anali nawo. Akamatembenuza chinangwa pathandala ankamva mfuti, mabuleki a galimoto ndi kukuwa kwa akazi, zonse zikuchokera m'bwato. Anamuona Queen akuloza nkhuku ndi zala ziwiri, diso limodzi atatsinzina. Anaonanso kuti mwana yemwe kale ankagona osatembenuka wayamba kudzidzimuka kutulo, ndipo akukana kupita yekha kuchimbudzi ngakhale dzuwa lili pamutu. Tsiku lina anayenda monyang'ama n'kusuzumira pamwamba pa mitu ya anawo. Pagalasi anaona munthu akukoka mnzake m'galimoto, kumugwetsa pansi, kumuponda mpaka magazi, ana onse akukuwa kuti, "M'malize! M'malize!" Anawabalalitsa ndi tsache, n'kulanda tabuleti, n'kudikira amuna awo.

"Ada, chinthu chanu chija chikuonetsa ana zoopsa."

"Ndi maphunziro, Nyachirwa. Ali m'Chingerezi, n'chifukwa chake akukuopsa."

"Chingerezi sindichidziwa, yewu, ndavomera. Koma pakona panali nambala yofiira, wani ndi eyiti. Manambala alibe Chingerezi. Ndi yomwe ija inkakhala pabolodi pa Rabson."

"Zosatheka. Ndinatseka ndekha."

"Kiyi ali ndi ndani?"

A Mhone anangopempha madzi osamba m'manja. Koma funsolo linawatsatira mpaka kuchipinda. Anatseka chitseko, n'kuitenga tabuleti, kuitalikitsa ndi maso mpaka zilembo zitaoneka. Inkafuna nambala. Anayesa chaka chawo chobadwa, inakana. Anayesa chaka cha ukwati wawo, inakana. Anayesa nambala ya nyimbo yomwe amaikonda kutchalitchi, ndipo tabuleti inawauza mwaulemu kuti adikire mphindi zisanu. Ali chidikirire, Queen anagogoda n'kusuzumira.

"Ada, ndikutsegulireni?"

Apa ndiye pomwe munthu angawakwiyire bambowa, chifukwa khomo linali pululu. Mawu amodzi okha, akuti eya, akanathetsa nkhani yonse. Koma munthu wa tayi, wotseketsa chisakasa cha Rabson, wolemba malamulo asanu, avomere kwa mwana wa Sitandade 5 kuti chinthu chake chomwe chamukana?

"Ayi, ndimangoyesa ngati loko ndi wolimba," anatero. "Ndi wolimba ndithu. Tenga, ukapitirize kuwerenga."

Kwa Nyachirwa anati afufuza bwinobwino, zonse zili m'malo mwake, iwo azisamala za chinangwa chawo. Mawa lake ana anadikira kuti Nyachirwa apite kukavuula chinangwa, n'kubwerera m'bwato atachepetsa mawu.

Chakumayambiriro kwa Disembala, mphunzitsi wa Sande sukulu anapita kuchidikiro, ndipo panasowa wokonzekeretsa ana sewero la Khirisimasi. A Mhone anaimika dzanja. Anati anawo azikayeserera kwawo, pakhomo pa mwambo, ndipo Queen awatsogolera poti nkhani ya kubadwa kwa Ambuye amaidziwa pamtima. Makolo anathokoza kwambiri. Ena anawonjezera ndi mango.

Tsiku la Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Kunabwera ana a m'mudzimo ogwira ntchito ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kunabweranso azungu anayi a pa loji, omwe a Mhone anawaitana okha kuti adzaone mwambo. Eni akewo anakhala pa benchi yakutsogolo m'suti yatsopano yakuda, nsapato zikuonetsa denga. Pakona, kuseri kwa mawaya, panakhala Rabson, yemwe mpingo unamubwereka masipika ndi maikolofoni.

Sewero linayamba bwino. Mariya ndi Yosefe anasowa malo ogona, chidole chinagonekedwa m'katoni, nkhosa zinakwawa zikulira mee, anthu akuseka monga amachitira chaka chilichonse. Anzeru a kum'mawa analowa pa njinga, yomwe inali ngamila. Asilikali a Herode anatulukira ndi mfuti za mitengo ya chinangwa, ndipo izinso sizinadabwitse munthu, poti asilikali a Herode a kuno akhala ali ndi mfuti kuyambira kale.

Koma msilikali woyamba sanafunse za nyenyezi. Anamukoka wanzeru wakutsogolo pa njinga, kumugwetsa pansi, kumuponda, kulanda golide ndi lubani, n'kukwera ngamila kuyamba kuzungulira guwa. Anzake anayamba kuwombera oweta nkhosa. Owetawo anagwa, malaya awo atafiira ndi tomato yemwe anabisa m'khwapa. Anawerenga mpaka katatu n'kudzuka, wina akufuula kuti, "Ndatsala ndi moyo umodzi!" Yosefe anamusiya Mariya ndi khanda n'kutola mfuti ya mnzake.

Kuseka kunayamba kuchepa. Pamenepo analowa mngelo Gabirieli, amene anali Queen, atavala nsalu yoyera ya pabedi ndi mapiko a katoni. Sananene kuti musaope. Anasolola timitengo tiwiri kumbuyo kwa mapiko n'kuyamba kugwetsa asilikali mmodzimmodzi, akuloza pamutu, pakamwa pakulira ngati mfuti yeniyeni. Womaliza atagwa, mngelo anamuponda pachifuwa, ana onse, ndi nkhosa zomwe, akukuwa kuti, "M'malize! M'malize!" Kenako anatenga maikolofoni n'kunena mawu anayi a Chingerezi. A Mhone anawadziwa mawuwo. Pa zaka makumi awiri za pa loji anawamvapo kamodzi kokha, kwa mlendo woledzera yemwe anachita kumutulutsa. Azungu anayi aja anaweramira m'mabuku a nyimbo a Chitonga ngati akuchimva.

M'tchalitchi munkangomveka kulira kwa wanzeru wa kum'mawa uja, ndipo kulirako sikunali kwa sewero. Pogwa pa njinga anamenyetsa mlomo pa benchi, ndipo magazi ake sanali a tomato. Anali mwana wamng'ono wa a Davison. Bambo ake anapita kukamunyamula.

Abusa anaimirira. Anali munthu wofatsa, wosakonda kukweza mawu. "Ana inu," anatero, "zimenezi zili mu Mateyu kapena mu Luka?"

Ana anangoyang'anana, ndipo abusa anapitiriza.

"Chisakasa cha mafilimu chinatsekedwa mu Seputembala. Nanga mwazionera kuti?"

Ena amati Rabson anakweza sipika mwangozi. Ena amati m'moyo wake wonse sanagwirepo batani mosamala ngati tsiku limenelo. Chodziwika n'chakuti kankhosa kena ka zaka zisanu, kali chikwawire pafupi ndi maikolofoni, kanayankha ndi mawu omwe anamveka mpaka kumsewu wa tala:

"Kwa ada Mhone. Polowa ndi mango awiri."

A Mhone anadzambatuka. "Abusa, limenelo ndi bodza! Tabuleti yanga ndi yotseka ndi nambala yachinsinsi!"

"Nambalayo akuidziwa ndani?" anafunsa abusa.

"Ine," anatero mngelo, phiko limodzi litalendewera. "Ada anati ndisauze munthu."

"Nanga kwanu kuja kovuta netiweki, zinthuzi zimalowamo bwanji?"

"Ada amakatitengera kuntchito."

Abusa anafuna kulekera pomwepo, koma mayi wina wa kumbuyo sanathe kudzigwira. "Nanga mango athu?"

"Ada amadya."

Kunamveka phokoso longa la munthu wotsamwa, kenako benchi yonse ya achinyamata inagwa ndi phwete. A Mhone anamva thukuta likutsika m'kati mwa suti yatsopano. Anatembenukira kwa Queen chala chili m'mwamba. "Mwana uyu wandichititsa manyazi. Abusa, pitirizani mwambo, ameneyu ndikathana naye kunyumba. Iwe, unayamba liti…"

"Lamulo lachinayi, ada."

Mawuwo anachokera kumbali ya amayi. Anali Nyachirwa, ataimirira m'bulauzi yawo yoyera ya amayi a mumpingo. "Tisafunse mwana. Munalemba nokha."

A Davison anapereka mwana wawo kwa amake n'kupita kuchitseko. Phala la chinangwa limagwira, choncho anachita kumatula pang'onopang'ono kuti pepala lisang'ambike. Anabwera nalo kutsogolo n'kulipereka kwa a Mhone ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Werengani ndinu, ada. Ine kuwerenga pagulu kumandivuta."

Sanafunike kuwerenga, poti lamulolo ankalidziwa pamtima. Anangoyang'ana m'munsi mwa pepalalo, pomwe panali dzina lawo ndi mchira wake wopindika kawiri, lalikulu moti ngakhale maso awo ofookawo analiona bwinobwino. Abusa anatseka buku la mwambo wodzoza, lomwe anali atalitsegula kale, n'kulengeza nyimbo yotsekera.

Panja, Rabson ankakulunga mawaya. A Mhone anafuna kumulambalala, koma njira inali imodzi.

"Khirisimasi yabwino, bwana," anatero Rabson osadzutsa mutu. "Msomali wanga uja sunkadziwa zaka, n'zoona. Koma unali pakhomo."

Anabwerera kunyumba jekete ili pamkono, kachinayi tsopano. Kumbuyo kwawo, patali pang'ono, kunkabwera Queen atanyamula mapiko ake m'manja. Atafika pakhonde anapeza beseni lija lili tho ndi mango, ndipo m'mimba mwawo munapota. Anakhala pansi pa sitepe, pafumbi pomwepo, osaganizanso za buluku. Mwanayo anaima chapatali akudikira chikwapu.

"Bwera, ukhale apa," anatero, ndipo mawu awo sanadutse m'mphuno. "Bwanji sunandiuze?"

"Simunandifunse, ada. Tsiku lija ndinafuna kukutsegulirani." Anakanda phiko ndi chikhadabo. "Zina zinkandiopsa. Ndikatsinzina zimabwerabe. Koma anzanga ankakhala atapereka kale mango, ndipo panalibe wamkulu wobwera kudzatiletsa. Ama okha ndi omwe anabwera, ndiye inu munati ndi maphunziro."

Pa zonse za tsikulo, phwete la achinyamata, buku lotsekedwa, msomali wa Rabson, mawu a mwanawa ndi omwe anawalasa kwenikweni. Miyezi itatu anakhala akuteteza ana a mudzi wonse ndi pakamwa, wawo yemwe akuopa kutsinzina m'nyumba mwawo momwe, ndipo zomuopsazo ankamunyamulira okha m'chikwama chachikopa. Anachita manyazi a mtundu wina, osafuna anthu oonerera. Kenako anaitana akazi awo.

"Nyachirwa, magalasi aja anasiya malemu bambo ako ali kuti?"

Anawapeza m'sutikesi, mwendo umodzi womanga ndi ulusi wa ukonde. A Mhone anawavala. Anawakalambitsadi nkhope.

"Tsegula, Queen. Undionetse chilichonse, kuyambira poyambirira, pang'onopang'ono, poti ine sindizidziwa. Tikatha, nambala yatsopano ndiika ndekha, ndipo amako aidziwa."

Pepala lija analimatanso pachitseko cha tchalitchi, ndipo palibe amene anapempha kuti lisinthidwe. Zaka ziwiri za a Davison zidzatha mu Seputembala, za a Mhone mu Disembala, ndipo masankho amachitika mu Okutobala. Mpando ukadali umodzi. A Mhone anawerengetsa miyeziyo okha, ali ndi magalasi, ndipo sanapeze polakwika.

Ku Kande masiku ano, munthu akapatsa mwana foni kuti asamusokose, anzake amamufunsa ngati amakonda mango. Akuluakulu anaziona kale zimenezi, magalasi olankhula asanabwere: nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.